Pachipata cha a Ziyoni

Nkhani ya Modester inatsika phiri ndi amayi ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu. Amenewaja saphonya kanthu. Amadziwa ngakhale galimoto ya bwana amene wakwera ndi mkazi wosakhala wake, ndiye akanalephera bwanji kuona mayi wamasiye akukwera kwa a Ziyoni Loweruka lililonse, duku loyera atalipanira m'khwapa? Anauza anzawo, anzawowo n'kuuzanso anzawo, mpaka nkhani inakalowa mu mpingo wa ku Sadzi. Lachinayi lina amayi atamaliza mapemphero awo, abusa a Nampinga anapempha Loyce Muhowa kuti atsaleko.

Loyce anali wapampando wa amayi. Modester anali mlamu wake, mkazi wa malemu Zikani, mchimwene wamng'ono wa Loyceyo.

"Amayi apampando, za alamu anu mwazimva?"

"Ndazimva, abusa. Manyazi andigwira ngati ndine ndapitako."

"Akulu a mpingo akufuna timudule. Ine ndakana, ndati munthu sadulidwa ndi mawu a pamsewu. Pitani mukaone ndi maso anu, mukalankhule naye. Zimene mukabwere nazo n'zimene tigamulire Lachitatu."

Kudulidwa si masewera. Munthu wodulidwa sadya Mgonero, ndipo akamwalira maliro ake amapita zii, opanda kwaya, opanda amayi a yunifolomu ochezera akuimba. Loyce ankadziwa zimenezi, koma mumtima ankati wodya zake alibe mlandu, amene wasankha ng'oma za a Ziyoni akamuike a Ziyoniwo.

"Nanga akakandipanikiza ndi mafunso?" anafunsa. "Anthu aja pakamwa m'pakuthwa."

"Tiyeni tiyeserere. Inuyo khalani alamu anuwo, mundifunse."

Loyce anakonza duku lake. "Kodi a Ziyoni si Akhristu anzathu? Yesu amamutchula, Baibulo ali nalo."

"Amamutchuladi, ndipo ine sindine mlonda wa kumwamba kuti ndinene amene akalowe. Koma posiyana pathu m'poonekera. Ena mwa iwo akamaletsa mwana wa malungo kupita kuchipatala, ife timati ayi. Munthu akamadalira chingwe cha m'chiuno ndi madzi a m'botolo kuposa Mpulumutsi, timatinso ayi."

"Nanga mneneri wawo amadziwa bwanji machimo a munthu? Akuti amangokuyang'ana basi, n'kukuuza ndi za nkhuku ya eni ake imene unadya uli mwana."

Abusa anaseka. "Mukauza munthu aliyense kuti ali ndi chobisa, simunganame. Koma tchimo lolozedwa ndi chala pagulu munthu amalivomera chifukwa cha mantha. Kuzindikira tchimo kwenikweni ndi ntchito ya Mzimu Woyera mumtima mwa mwini wake. Kumawawa, ndipo munthuyo sakhazikika mpaka atakakonza chimene anawononga."

Mayankho amenewa anamukomera Loyce. Anawabwereza akuchapa, anawabwereza akusankha nyemba, mpaka anawaloweza ngati katekisimu. Chiikireni maliro a Zikani chaka chatha, iye anali asanapondeko ku Chinamwali kumene Modester ankakhala ndi ana ake awiri. Ankati ntchito za mpingo zamuchulukira.

Loweruka m'mawa anakwera njinga yamoto mpaka ku damu la Mulunguzi. Nkhungu inali itakuta mitengo ya paini, kukuzizira kolowa m'mafupa. Amuna ankatsika ndi njinga zitasenza nkhuni zotalika kuposa eni ake, akumanga mabuleki ndi nsapato. Loyce anafunsa njira kwa mayi wina wa sitiroberi.

"Aa, amayi apampando, nanunso mwayamba?" anatero mayiyo, anzake akubisa mano m'zitenje.

"Ndatumidwa ndi mpingo ine."

"Onse amatero poyamba. Tsatirani ng'omayo."

Malowo anali pamene a zankhalango anadula paini, patatsala zitsa zokhazokha. Pakati anazunguliza miyala, ndipo mkati mwa miyalayo anthu a mikanjo yoyera ankathamanga mozungulira, ng'oma ikulira. Kunja kunali mizere iwiri, wa amuna ndi wa amayi, yodikira kulowa.

Loyce ankafuna kuima patali, amuone Modester, adikire mpaka atuluke. Koma mkulu wina wandevu anamutchinga ndi ndodo.

"Mayi, pano m'poyera. Nsapato pansi."

"Ine ndangobwera kudzaona munthu."

"Oonerera kulibe kuno, si mpira. Vulani kapena bwererani."

Anavula, n'kuika nsapato zake pamulu wa mapatapata. Masamba a paini anamubaya kuphazi. Mayi wina ataona duku lake lamaluwa anamufunditsa nsalu yoyera kumutu mpaka m'mapewa, n'kumukankhira pamzere. Pomwe ankati atsegule pakamwa, kumbuyo kwake kunali kutadzaza kale anthu.

Kutsogolo kwa mzere kunali chimene eni ake amati chipata. Amuna awiri ankapingasa ndodo zawo, ndipo patsogolo pa ndodozo panaima mneneri, mayi Mwanamvua, wamfupi, wa mawu osasa, beseni la madzi lili pambali. Aliyense ankagwada n'kuulula tchimo lake mokweza. Lamulo lawo linali lakuti tchimo ulitchule ndi dzina lake, unenenso muzu wake, pamene linayambira. Akakhutira mneneri ankawaza madzi, ndodo n'kutseguka.

Bambo wina anaulula kuti amaika miyala pansi pa thumba la makala. Mtsikana wina anati anadya nkhumba kwa apongozi ake, ndipo inamukomera. Loyce anagwira pakamwa kuti asaseke. Mumtima ankati Lachitatu akawasimbira akulu a mpingo zonsezi, aseke mpaka misozi.

Kenaka anamuona Modester, anthu atatu patsogolo pake. Anamuzindikira ndi kaimidwe. Khosi linali litatsala ngati la nkhuku, zidendene zitang'ambika ming'alu yakuda. Anagwada.

"Tchimo langa ndi lomwe lija, amayi. Ndimadana ndi alamu anga."

"Labweranso?" anafunsa mneneri.

"Silinachoke."

"Nena muzu wake."

"Amuna anga anali a kabaza. Atamwalira, masamba a maliro asanachotsedwe n'komwe pamsewu, alamu anga anatenga njinga. Anati ndi ya kumtundu kwawo, n'kupatsa mwana wawo. Ndikanaipereka kwa munthu kuti aziyendetsa, ana anga akanamadya. Pano ndimasenza nkhuni kuchoka kuno mpaka ku Chinamwali. Koma za njinga ndikanaiwala. Anaima pakhomo panga, anthu ali thoo, mtembo uli m'nyumba, n'kunena kuti, 'Mkazi uyu ndi amene wabweretsa matenda muno.' Chikhalirecho ankadziwa kuti achimwene awo anali ndi akazi mpaka ku Songani. Ine ndinawadwazika ndekha, kuwachapira ndi zosatchulika zomwe. Alamu sanabwerepo ndi mbale ya phala."

Ng'oma inkalirabe, koma mawu a Modester ankamveka bwinobwino. Ankalankhula osalira, ngati akunena mtengo wa tomato.

"Mpaka lero pampopi amayi amasuntha ndowa zawo ine ndikafika. Ndikapita ku tchalitchi kwathu, alamuwo ndi amene amaima kutsogolo kuyambitsa nyimbo, ine pemphero limandikanika. Mwezi watha ndinamva kuti agwa ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinakondwa. Tsiku limenelo ndinadya bwino. Ndinapempha Mulungu kuti awatenge. Tchimo langa ndi limenelo."

"Za alamu akozo adzayankha okha," anatero mneneri. "Iwe wabwera ndi chako, ndipo watula. Lowa."

Madzi anawazidwa, ndodo zinatseguka, Modester analowa m'bwalo.

Loyce anayamba ndi kupsa mtima. Mkazi ameneyu akundiyalutsa pakati pa anthu achilendo. Njingayo si anathandiza kugula ndi amayi athu atagulitsa nandolo? Katundu wa mwamuna sapita kwa abale ake? Anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene akumuyang'ana. Panalibe. Modester sanatchule dzina, ndipo anthuwo aliyense anali kalikiliki kukonzekera tchimo lake.

Koma mawu a pakhomo aja analibe pothawira. Chaka chonse ankadziuza kuti chinali chisoni chimene chinalankhula, kuti pamaliro munthu amanena zilizonse. Tsopano atawamva m'kamwa mwa Modester, anakumbuka bwinobwino kuti anawakonzeratu ali m'minibasi. Ankafuna kuti anthu asanene za mchimwene wake. Za mkazi wa ku Songani ankazidziwa. Anamuphikirapo tiyi m'nyumba mwake, n'kumamutcha mlamu moseka, Zikani ali pomwepo. Thukuta linamutsika kumsana pakati pa chisanu chonsecho.

Mzere unasuntha. Wa kumbuyo anamugwira paphewa, ndipo anangozindikira wagwada.

"Mlendo uyu," anatero mayi Mwanamvua. "Mwabwera ndi chiyani, mayi?"

Mayankho onse aja anali pamlomo, za chingwe, za madzi a m'botolo, za chala choloza. Palibe limene linatuluka. Chimene chinatuluka ndi mawu amene ankanena Lamulungu lililonse pamodzi ndi mpingo wonse.

"Ndachimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita."

Pamzere panamveka kuseka kwa pansipansi.

"Ameneyo ndi munthu aliyense, mayi. Ife tikufunsa inuyo."

"Ndilibe china."

Mawu a Loyce ndi odziwika, amamveka kuchokera kutsogolo kwa tchalitchi mpaka kumsewu. M'bwalo muja Modester anaima, n'kutembenuka. Othamanga kumbuyo kwake anachita kumulambalala.

Mneneri anaika dzanja pamutu pa Loyce, anatsinzina, anang'ung'udza kanthawi. Loyce anadikira. Mumtima ankafuna ndithu kuti mayiyu aone, anene yekha, zithe.

"Palibe chimene ndikuonetsedwa pa inu," anatero mneneri. "Mukuoneka mayi wabwino. Lowani."

Ndodo zinatseguka. Loyce anadzuka, koma m'malo molowa anabwerera chambuyo, akupondana ndi anthu, mpaka pamulu wa nsapato. Akufunafuna zake, anamva munthu waima pambali pake.

"Alamu, akutumani?"

"Eya."

"Ndiye mwamva zonse." Modester anayang'ana pansi. "Sindinadziwe kuti muli kumbuyo. Koma ndikanadziwa ndikananenabe, pano sitisankha mawu. Mukawauze kuti mwandipeza. Sindinabatizidwe kuno, mkanjo ndilibe. Ndimangobwera kudzatula, chifukwa kumusi kuja kulibe amene amafunsa."

Loyce anatola nsapato zake, Modester n'kupitiriza.

"Poti mwamva, ndikhululukireni. Ndinakufunirani imfa."

"Palibe kanthu," anatero Loyce.

Anatero ndithu, ngati wolakwiridwa ndi iyeyo. Modester anamuyang'ana pang'ono, n'kubwerera ku ng'oma. Loyce anatsika nsapato zili m'manja, ndipo anakazivala atafika kale pa phula. Amayi a sitiroberi anamuitana kuti agule, iye anangodutsa.

Masiku otsatirawo sanapeze mtendere. Mwana wake Trevor akamatuluka m'mawa ndi njinga ija, belu likulira, iye ankalowa kuchipinda. Koposa zonse ankamva mawu ake omwe, palibe kanthu, palibe kanthu, ndipo ankalakalaka pansi patang'ambika.

Njira yapafupi ankaiona. Akangonena kuti anamupeza, basi, Modester adulidwa, apitiretu kwa a Ziyoni, ndipo nkhani ya pachipata itsala kuphiri komweko pakati pa anthu osamudziwa. Sakananama ngakhale liwu limodzi.

Lachitatu masana akulu a mpingo anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Wamkulu wawo anali a Henderson Likaka, amene anapuma ntchito m'boma, munthu wokonda nkhani zothera pomwepo.

"Munamupeza?" anafunsa abusa.

"Ndinamupeza."

"Akupemphera nawo?"

"Eya. Koma sanabatizidwe kumeneko."

"Kubatizidwa kapena ayi, mbuzi yalowa m'munda mwa eni," anatero a Likaka. "Nkhani yatha iyi, abusa."

Abusa anatembenukira kwa Loyce. "Mayankho aja munamupatsa, amayi apampando?"

"Ayi."

"Chinavuta n'chiyani?"

Loyce anayang'ana zala zake. Akanatha kunena kuti ng'oma inasokosa. Koma anayamba kufotokoza, mawu akutuluka okhakhala ngati a munthu wa chimfine. Ananena za chipata, za njinga, za mawu a pakhomo, za mkazi wa ku Songani ndi tiyi amene anamuphikira. Zimene Modester anapempha kwa Mulungu sanazinene, zinali za mwini wake. Anangoti mlamu wake amalephera kupemphera m'tchalitchi chimene iye amaimirira kutsogolo.

Mkulu wina anayamba kupukuta magalasi.

"Izi ndi za pabanja," anatero a Likaka. "Njinga ya mwamuna kupita kwa abale ake, chachilendo n'chiyani? Ife tabwerera za Ziyoni."

"Njinga imapita kwa abale," anatero Loyce. "Nanga bodza lija limapita kwa ndani, a Likaka? Inu munalipo pamaliro paja. Munandimva."

A Likaka anakanda kumutu. "Pamaliro anthu amalankhula zambiri."

"Kodi anakuuzani ndi mneneri wawo zimenezi?" anafunsa abusa.

"Ayi. Iyeyo anati ndine mayi wabwino."

Wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Abusa polankhula anayang'ana akulu a mpingo, osati Loyce.

"Zimene ndinanena za a Ziyoni sindikuzibweza, ndipo ndikamuuza ndekha mayiyo. Koma mkazi wamasiye wadwazika mwamuna, waika maliro, wasenza nkhuni chaka chathunthu, ndipo ulendo woyamba umene mpingo wamutumizira munthu ndi wokaona ngati tingamudule. Ine amene ndinatuma, manyazi andigwira. Tikamudula lero tikhala tikudula chiyani?"

Anakangana ndithu. A Likaka ankati lamulo likafewa kamodzi, mawa theka la amayi likwera phiri. Pomaliza anagwirizana kuti Modester asadulidwe, abusa akamuyendere okha. Za Loyce, anayamba ndi a Likaka omwewo kunena kuti ngati lamulo lilipo, ligwire onse. Atule pansi upampando, aime kaye pa Mgonero mpaka atakonza.

"Kukonza kwake mukukudziwa," anatero abusa. "Mawu munawanena pagulu. Simungakawabweze kuchipinda."

Trevor anakana kuperekeza njinga. Anati amayi ake apenga ndi a Ziyoni, n'kumenyetsa chitseko. Choncho Lachisanu masana Loyce anaikankha yekha kuchokera ku Sadzi, kudutsa m'tauni, dzuwa likuswa mtengo. A kabaza ankamukuwiza kuti, "Kwerani, amayi, siluma imeneyo." Anafika ku Chinamwali bulauzi itamatirira kumsana.

Modester anali pakhonde akumanga nkhuni m'timitolo togulitsa. Anaona njingayo, anadzuka, anatsina tayala la kumbuyo.

"Matayala atha," anatero.

"Atha. Ndigula ena." Loyce anapukuta thukuta. "Sanakuduleni, alamu. Abusa abwera okha kudzakuonani."

"Nanga mlandu wathera pa ndani?"

"Pa ine."

Modester anaimika njinga kukhoma, osanena kuti zikomo. Amayi a nyumba zoyandikana anali atayamba kale kutuluka, wina ndi mwana kumsana, wina ndi lichero, ngati ali ndi zochita panja. Loyce anawazindikira. Ndi omwe aja anali pamaliro.

"Ndabweranso ndi mawu," anatero chapansipansi. "Zimene ndinanena tsiku lija zinali zabodza."

"Mukuuza ine? Ine ndikudziwa kale." Modester analoza ndi mlomo kumpopi, kumene kunali mzere wa ndowa ndi eni ake. "Tsiku lija simunanong'one. Anamva ndi a kumpopi omwe."

"Ndikanena, mubwerera ku tchalitchi?"

"Za ku tchalitchi ndiona. Musagule nazo malonda."

Loyce anakwera pakhonde, n'kuima pakhomo. Amayi aja anasiya zonamizira zawo, ndipo a kumpopi anayamba kubwera mmodzimmodzi, madzi akusefukira m'ndowa.

"Amayi inu," anayamba, "ine ndine mlongo wake wa malemu Zikani."

"Kwezani mawu," anatero Modester, akukhalanso pansi pa nkhuni zake. "Agogo a kuseriku samva bwino."